Wosunga ma CD a nyimbo asasekedwe

Masiku ano munthu amene ali ndi kabati yodzala ndi ma CD a nyimbo amaoneka ngati wotsalira. Ana ace amamuseka, alendo amafunsa ngati cilimba cace cikali kulira, ndipo m'nyumba zambiri tizimbale timeneti tinaponyedwa kale m'katoni pamodzi ndi nsapato zakutha. Anthu akuti nyimbo zonse ziri pa lamya ya m'manja, nanga kuvutikiranji ndi kupukuta fumbi? Mau amenewa angamveke anzeru kwa wokonda nyimbo za ku America kapena ku Ulaya, koma pa nyimbo za Zambia ndi mau oopsa, pakuti si zonse ziri pa lamya, ndipo dziko lino linatsala pang'ono kutaya nyimbo za mbadwo wathunthu mwa kunyozera kotereku.

Kacimbale ka CD kanapangidwa ndi makampani awiri, Philips ya ku Netherlands ndi Sony ya ku Japan, ndipo kanayamba kugulitsidwa ku Japan mu October 1982. Kukula kwace ndi masentimita 12, ndipo kamanyamula nyimbo za mphindi 74 kufikira 80. Kusiyana ndi zimbale zakuda za galamafoni zimene zinali kulira ndi singano, CD imawerengedwa ndi kuwala kwa laser, motero siperepeseka ngakhale iimbidwe tsiku ndi tsiku. Ku maiko olemera malonda ace anafika pacimake ca m'ma 2000, kenaka anayamba kutsika pamene intaneti inafala. Kuno ku Zambia CD inacedwa kufika m'manja mwa anthu wamba, cifukwa kaseti ndiyo inali mfumu m'mabasi ndi m'misika kwa zaka zambiri.

Pofuna kumvetsa cifukwa cace wosunga ma CD ayenera ulemu, mpofunika kubwerera ku zaka za m'ma 1970. Pa nthawi imeneyo Mtsogoleri wa dziko, Dr Kenneth Kaunda, analamula kuti nyimbo 95 pa 100 iriyonse zomveka pa wailesi zikhale za Zambia. Acinyamata a ku Migodi ndi a mu Lusaka anatenga magitala, ndipo panabadwa maimbidwe amene achedwa Zamrock. Nyimbo zinali kujambulidwa ku DB Studios mu Lusaka ndi ku Malachite ku Chingola, kampani ya Teal inali kudinda zimbale ku Ndola, ndipo a Edward Khuzwayo a Zambia Music Parlour anali kuzifalitsa. M'caka ca 1975 cokha munaturuka Lazy Bones!! ca gulu la WITCH, Africa ca Amanaz, ndi Wings of Africa ca Musi-O-Tunya. Caka cotsatira a Paul Ngozi ndi Ngozi Family anaturutsa Day of Judgement.

Koma mtengo wa mkuwa unagwa, ndalama zinasowa m'matumba, malamulo oletsa kuyenda usiku pa nthawi ya nkhondo ya Rhodesia anazimitsa madansi, ndipo disko inalanda malo a magulu oimba. Pambuyo pace matenda a AIDS anatenga oimba ambiri. A Paul Ngozi anamwalira mu 1989. Mwa amene anayambitsa WITCH anatsala ndi a Emmanuel Jagari Chanda okha, amene anakhala mphunzitsi, kenaka nayamba kukumba miyala ya mtengo wapatali kuti apeze nsima. Nanga zimbale zija zinapita kuti? Zina zinapindika ndi dzuwa, zina ana anazisandutsa zoseweretsa, zina zinatayika posamuka nyumba. Palibe amene anaona colakwa, popeza kaseti inali itabwera ndipo galamafoni inali cinthu cacikale, monga momwe CD ikuonekera lero.

Amene anadzazifuna-funa zimbalezo ndi osunga nyimbo a kunja, anthu amene cizolowezi cao ndi kusonkhanitsa zimbale zosowa, ndipo anali okonzeka kulipira ndalama zambiri pa cimbale cimodzi cokandika-kandika. Kucokera m'manja mwa anthu otere mbiri ya Zamrock inafika ku kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles, imene mu 2010 inaturutsa Dark Sunrise, nyimbo za a Rikki Ililonga ndi Musi-O-Tunya, mu 2012 inaika nyimbo za WITCH m'bokosi la ma CD anai, ndipo mu 2017 inaturutsa Welcome to Zamrock! m'zigawo ziwiri. Cotsatira cace n'cakuti a Jagari anabwerera pa bwalo ali okalamba, nayenda kuimba ku Ulaya ndi ku America, ndipo mu 2023 WITCH inaturutsa cimbale catsopano, Zango. Mu 2024 woimba wa ku America, Tyler, the Creator, anatengako mbali ya nyimbo ya Ngozi Family naiika m'nyimbo yace yochedwa Noid.

Si Zamrock yokha ai. Nyimbo zamakolo zimene a Hugh Tracey anajambula m'dziko lino m'zaka za m'ma 1950 zimasungidwa ku International Library of African Music, pa Rhodes University ku South Africa, ndipo zina mwa izo zinaikidwa pa CD ndi kampani ya SWP ya ku Netherlands, ya a Michael Baird amene anabadwira mu Lusaka. Nyimbo za a Alick Nkhata, amene anaphedwa mu 1978 pamene asilikali a Rhodesia anaukira msasa kufupi ndi Mkushi, zinasonkhanitsidwa ndi RetroAfric ya ku London. Anthu amenewa ayenera kuyamikidwa. Komabe ndi cinthu comvetsa manyazi kuti mwana wa ku Kitwe kapena ku Chipata wofuna cimbale ca agogo ace aitanitse kutsidya kwa nyanja ndi ndalama zakunja.

Tsopano ngozi yomweyi yafika pa nyimbo za nyengo ya CD. Mu 1999 a Chisha Folotiya anayambitsa Mondo Music, ndipo m'zaka zotsatira mawailesi anadzala ndi mau a Daddy Zemus, Black Muntu, Shatel, JK ndi Joe Chibangu. Panalinso Danny, MC Wabwino, Amayenge ndi Sakala Brothers. Oimba ochuka otere nyimbo zao zina zidzapulumuka. Amene ali pa ngozi yeni-yeni ndi aja osachuka: kwaya ya mpingo wa kumudzi imene inasonkha ndalama kuti ijambule cimbale cimodzi, gulu la kalindula limene linagulitsa ma CD ace pa khomo la holo, mnyamata wa m'komboni amene anajambula nyimbo khumi m'kacipinda ka mnzace nkulekera pomwepo. Nyimbo zotere palibe kampani imene inazitumiza ku Spotify kapena Boomplay. Zikapezeka pa YouTube, kawiri-kawiri ziribe dzina la woimba gitala, ziribe caka, ndipo mau ace ndi ofooka kaamba kokopedwa kambiri.

Ngakhale nyimbo zimene ziri pa intaneti siziri za womvera. Iye wangobwereka, ndipo mwini akasintha maganizo, kapena pangano la makampani likatha, nyimbo imazimirira popanda kutsazika. Akulu anati fodya ndi uyo ali pamphuno, wa pacala ngwa mphepo. CD yokhala pa shelufu sifuna mabando, ndipo kabuku kace ka mkati kamanena amene analemba nyimbo, amene anaimba ng'oma, kumene inajambulidwa ndi caka cace. Wolemba mbiri wa mawa adzafuna kabuku kameneko koposa cimbale ceni-ceni.

Pano mpoyenera kunena mosabisa kuti si mulu uliwonse wa ma CD umene ungachedwe cuma. Zimbale zokopa mwakuba zimene zinadzaza misika ndi misewu, za zikuto zofufuma ndi maina olembedwa molakwa, ndizo zinasaukitsa oimba, kotero kuti mu 2013 Boma linalamula kuti pa cimbale ciriconse cogulitsidwa pakhale cidindo ca hologram. Wosunga weni-weni amafuna cimbale coyambirira pamodzi ndi cikuto cace. Komanso ayenera kudziwa kusiyanitsa CD yodindidwa ku fakitale, imene pansi pace ndi poyera ngati siliva, ndi yoochedwa pa kompyuta, imene nthawi zambiri pansi pace pamaoneka pobiriwira kapena pabuluu. Yoocha imasunga nyimbo m'utoto umene umafooka ndi dzuwa ndi kutentha. Tsoka ilo, oimba osauka ambiri anagulitsa zoocha zomwezo, ndiye kuti zimbale zosowa kwambiri ndizo ziri zosacedwa kufa. Zimenezi ziyenera kukopedwa pa kompyuta msanga, mwa njira yosacepetsa mau, cimbale ceni-ceni n'kusungidwabe.

Kasamalidwe kace si kovuta. CD igwidwe m'mphepete, ipukutidwe ndi kansaru kofewa kucokera pakati kupita kunja osati mozungulira, ndipo iimikidwe m'cikuto cace pa malo ouma. Ambiri amateteza mbali yonyezimira yokha, osadziwa kuti nyimbo ziri kufupi ndi mbali ya pamwamba yolembedwa, motero kukandika kwa pamwamba ndiko kumapha cimbale. Kuisiya m'galimoto pa dzuwa la October ndiko kuitaya.

Ena adzati pamene thumba la ufa lakwera mtengo cotere, kugula zimbale ndi masewera a olemera, ndiponso kuti nchito yosunga nyimbo ndi ya National Archives ndi ZNBC. Zoona, mabungwe amenewa ali ndi udindo, ndipo cingakhale cabwino atatsegula khomo lolandirira zimbale kucokera kwa anthu wamba. Koma bungwe silingasunge cimene silinacione, ndipo cimbale ca kwaya ya ku Katete ciri m'nyumba ya munthu ku Katete. Kunena za ndalama, ino ndiyo nthawi imene ma CD ali ochipa, popeza eni ace akungofuna kuyeretsa m'nyumba.

Pamene zimbale zimatayika kwambiri ndi pa maliro. Mwini akamwalira, abale pogawana katundu amalimbirana firiji ndi mipando, katoni ya nyimbo n'kutsala pa khonde mvula ikugwa. Wosunga ma CD acite bwino kugula kope la sukulu, alembemo dzina la cimbale ciriconse, woimba, caka ndi kumene anacipeza, ndipo auze a m'banja akali moyo dzina la mwana kapena mdzukulu amene adzatenge katoniyo.