Khirisimasi ya kuno ndi yobiriwira

Mwezi wa Disembala ukangolowa, masitolo akuluakulu a ku Limbe, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu amavala chisanu cha eni ake. Pakhomo pamaimikidwa mtengo wa pulasitiki wowazidwa thonje kuti uzioneka ngati wagweredwa chipale chofewa, ndipo mnyamata wina amavekedwa chijasi chofiira ndi ndevu zoyera, thukuta lili kamukamu, kunja dzuwa likuswa mtengo. Pakhonde pa sitolo yomweyo pamakhala mayi ndi beseni la mango, pambali pake timilu ta bowa wa manyame wofiirira ngati lawi la moto, ndipo ukakweza maso umapeza kuti mapiri amene mu Okutobala anali mbuu ndi fumbi ndi utsi wa lupsa tsopano ali biriwiri. Anthu amandandana kuti ajambulitse pafupi ndi mtengo wa pulasitikiwo, koma mango, bowa ndi phiri amangozidutsa. Mfundo yanga ndi yakuti tikuyang'ana kolakwika. Kukongola kwa nyengo ya zikondwerero kuli kale pakhomo pathu, m'thengo, m'manja mwa amisiri ndi pamafuwa, ndipo kusakuona kwathuko kukutidyera ndalama, luso ndi nkhalango.

Mtengo wa Khirisimasi uli ndi nzeru yake kumene unachokera. Ku Germany, kumene mwambowu unakulira usanatchuke ku Britain m'zaka za m'ma 1840, pa nthawi ya Mfumukazi Victoria ndi mwamuna wake Albert, Disembala ndi mwezi wa mdima. Dzuwa limalowa cha m'ma 4 koloko madzulo, mitengo yambiri imakhala itayoyola masamba, nthaka ili gwa ndi chisanu. Munthu wa kumeneko akalowetsa m'nyumba mtengo wosafota n'kuuyatsira makandulo, ndiye kuti akudzilimbitsa mtima kuti kubiriwira ndi kuwala zidzabweranso. Amakongoletsa nyumba ndi chimene wachisowa. Kuno zinthu n'zotembenuka. Masiku otalika kwambiri pachaka ndi omwewa a Khirisimasi, mvula yagwa, chimanga m'minda yambiri chikulekeza m'mawondo, ndipo chimene mnzathu wa ku Ulaya akuchilakalaka ife tikuchiponda ndi mapazi. Ena mwa anamzeze amene amadzaza pa mawaya a magetsi miyezi ino ndi alendo ochokera ku Ulaya komweko, amene auluka mtunda wa makilomita masauzande ambiri kuthawa chisanu chimene ife tikuchiyerekeza ndi thonje. Mbalame ikudziwa kokoma mu Disembala, otsalira ndi eni dziko.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo nyengo ino imam'patsa zambiri munthu wodekha. Usiku wopanda mwezi madambo amathwanima ndi ziphaniphani, nyali zimene sizidziwa za kuthima kwa magetsi. Mvula ikavumba masana, madzulo ngumbi zimatuluka, ndipo ana amazungulira chulu ndi nyali ndi ndowa. M'mawa mwake utale umakhala utatumphuka pachulu, manyame ndi ndelema zili pansi pa mitengo ya mombo ndi misuku. Kumapiri a Nyika, kumene kuli mitundu yoposa 200 ya maluwa a m'banja la chinaka, ino ndiyo nthawi yake yophuka. Wina anganene kuti kuyamikira zoterezi n'kutayitsa nthawi, koma taganizirani za bowa uja. Manyame ndi ndelema sizilimidwa m'shedi ngati bowa wa m'sitolo, chifukwa zimakhala molumikizana ndi mizu ya mitengo yachilengedwe, kotero kuti mtengo ukalowa mu uvuni wa makala, bowa nayenso wapita. Munthu amene amadziwa pamene pamamera manyame saona nkhalango ngati matumba a makala chabe. Chimene diso lachikonda, dzanja limachita nacho manyazi kuchiwononga. N'zokondweretsa kuti nyengo yodzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala n'kutha pa 15 Epulo, moti banja lofuna mtengo wa Khirisimasi lingathe kudzala weniweni pakhomo, wa mango kapena wa mbawa, n'kumaupimira msinkhu wa ana chaka ndi chaka.

Za manja nazo n'chimodzimodzi. Kumudzi, chikondwerero chikayandikira, amayi amazira nyumba ndi khonde, kusalalitsa pansi ndi nkhulungo, kenako kujambula m'mphepete mwa khoma ndi dothi lakuda, katondo wofiira ndi dothi loyera. Sitilitchula kuti luso chifukwa silipachikidwa m'chipinda cha zionetsero, komatu ndi dzanja lomwelo limene linajambula m'mapanga a Chongoni ku Dedza, malo 127 amene bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Ku Mua, kumene Bambo Claude Boucher Chisale anayambitsa Kungoni mu 1976, osema amaonetsa kubadwa kwa Yesu ndi nkhope zathu zomwe, ndipo alendo amayenda maulendo ataliatali kukaona. Mpando wolukidwa umene timauona m'mbali mwa misewu, ku Johannesburg ndi ku Cape Town amautchula dzina la dziko lathu ndipo amaugula modula. Koma kuno mwini lichero akatchula mtengo timamunenerera mpaka atagonja, pamene beseni la pulasitiki timalipira osatsutsa. Dengu tinalisiya n'kutola jumbo, mpaka boma linachita kuletsa mapulasitiki opyapyala mu 2015, nkhani n'kukafika ku khothi lalikulu la apilo mu 2019, ngalande za m'matauni zitatsekeka kale. Woluka mphasa akaona kuti ntchito ya masiku angapo ikugulidwa ngati ya ola limodzi, mwana wake samuphunzitsa, ndipo luso limakwiriridwa pamodzi ndi mwini wake.

Kukhitchini ndiye kumene timadzinyoza kwambiri. Mu 2017 UNESCO inalemba nsima pa mndandanda wa miyambo yofunika kusungidwa, koma pa Khirisimasi ambiri timachita ngati nsima ndi mlendo wosaitanidwa. Mpunga wa Kilombero wochokera ku Karonga, umene fungo lake limafika kwa aneba poto asanavundukulidwe, ndi nkhuku yachikuda yowiritsidwa pang'onopang'ono, palibe amene angazinyoze. Chodabwitsa n'chakuti timachita manyazi kuika pambali pake nkhwani wotendera, bonongwe, luni kapena chisoso, masamba amene nthawi yake yeniyeni ndi ino, ali anthete. Thobwa timalibisa kuseri kuti pagome paoneke mabotolo. Komatu thobwa ndi ntchito ya masiku: kunyika mawere, kudikira kuti amere, kuyanika chimera, kupera, kuphika phala, kudziwa pamene lazirala mokwanira kuti chimera chithiridwe. Botolo aliyense wa ndalama angagule, koma chikho cha thobwa lokoma chimanena kuti wina anakuganizira sabata yathunthu usanafike. Mtanda wa nsima woomoledwa bwino ndi chipande, wosalala, wopanda mibulu, ndi chinthu chokongola ngati mbiya youmbidwa bwino, ndipo onse awiri, wophika ndi woumba, anaphunzira poyang'anitsitsa manja a akuluakulu.

Pali otsutsa, ndipo mawu awo ndi olemera. Woyamba akuti izi ndi zokamba munthu wokhuta. Disembala mpaka Malichi ndi nthawi imene nkhokwe zimapepuka, anthu ali pa ganyu wopalira minda ya ena kuti apeze kaufa, ndipo mu Malichi 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi chifukwa cha chilala. Zoona, ziphaniphani sizidyedwa, ndipo walira mvula walira matope, malungo ndi denga lodontha. Koma funso ndi lakuti, ndani amene amapwetekedwa kwambiri ndi chiphunzitso chakuti chisangalalo chimagulidwa m'sitolo? Ndi wosauka yemweyo, amene amakatenga katapila kuti ana asaoneke otsalira, kenako Januwale n'kumupeza alibe fizi ndi feteleza wobereketsa. Chiyambire pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chochokera kunja chinakwera mtengo, ndipo ndalama yogulira zonyezimira imatuluka m'dziko osabwerera, pamene yogulira mkeka imakathera m'thumba la woluka kumudzi. Komanso tisamanyoze osauka pomaganiza kuti kukongola sikuwakhudza. Mayi amene amasesa bwalo m'mamawa n'kusiya mizere ya tsache yooneka ngati mafunde, kapena kudzala duwa m'chitini chakale, sanadikire kuti alemere kaye.

Wotsutsa wachiwiri ndi mayi yemweyo, ndipo iyeyu ndikugwirizana naye. Iye akuti zonse mukuyamikirazi, kuzira, kusinja nsinjiro, kuphika thobwa, kutola bowa, zimagwera pamsana pake, abambo ali pansi pa mtengo kudikira kuitanidwa. Chikondwerero chimene mmodzi amachimva ndi utsi m'maso pamene ena akuchimva ndi nyimbo chili ngati chikomekome cha mkuyu. Yankho lake si kusiya kuphika, koma kugawana ntchito. Mnyamata amene waphunzira kugwira mthiko ndi bambo amene watunga madzi ndi kuwaza nkhuni sanachepe pa chilichonse, ndipo ndi pamenepo pamene luso limadutsira ku m'badwo wina. Wachitatu akuti kukonda zosema ndi zam'thengo kumathetsanso chilengedwe, ndipo ali ndi umboni: mkungudza wa pa Mulanje, mtengo wa fuko lathu, watsala pang'ono kutheratu, phingo akusowa, ndipo chinaka chikukumbidwa mopitirira muyeso. Apa mpofunika kusankha pogula. Nsungwi, bango ndi mlaza zimaphukanso zikadulidwa mwanzeru, dongo silidula mtengo poumba, ndipo makolo anatisiyira chitsanzo cha kudziletsa: pa chilumba cha Mbenji ku Salima, pansi pa ufumu wa Makanjira, usodzi umatsekedwa m'nyengo ya mvula chaka chilichonse kuti nsomba ziswane.

Otsala ndi ana, amene amakonda nyali zophethira, ndipo palibe chifukwa chowalanda. Sindikunena kuti chobwera n'choipa. Chimanga chimene timalumbirira chinachokera ku America, chinangwa chimodzimodzi, mango anachokera ku India, ndipo Khirisimasi nayonso inafika ndi amishoni. Zonsezi tinazilandira, n'kuziphika mumphika wathu mpaka zinasanduka zathu. Kubwereka kumene kumadwalitsa ndi kuja kochititsa mwana kuganiza kuti tsiku lalikulu limaoneka ngati dziko limene sanalionepo, ndipo kwawo ndi malo ongodikirirapo. Mwana woteroyo akakula sadzaona chifukwa chotetezera dambo, cholipirira mmisiri mtengo woyenera, kapena chofunsira agogo ake kaphikidwe ka chigumu. Nyali ziyake ndithu, koma ziunikire mphasa yatsopano, mtsuko wa thobwa ndi dengu la mango. Pa 2 Januwale mtengo wa pulasitiki udzabwerera m'katoni kukadikira chaka china, thonje lake litada ndi fumbi. Mphasa idzakhala ikadali pakhonde, woluka atalipirira mwana wake fizi, ndipo kambande kodzalidwa pa Khirisimasi kadzakhala katatulutsa tsamba lachiwiri.