Asiyeni apalase, koma tidziwe komwe ndalamazo zikupita

Usiku wina titatsiriza taraweh, anyamata anayi a pa madrassah athu anatitsekereza pakhomo pa mzikiti ndi pempho. Akufuna kuti Eid ikadutsa adzapalase njinga kuchokera pa Karonga boma kukafika ku Chilumba ndi kubwerera, anthu aziwalonjeza ndalama pa kilomita iliyonse. Awiri mwa iwo anaika m'manda amayi awo chifukwa cha khansa, wina agogo ake, ndipo wachinayi bambo ake ali gone kunyumba, phala likukanika kudutsa kummero. Nkhaniyi itafika kwa akuluakulu, ena anaikana. Akuti n'zachilendo, ndiponso sadaka yolengezetsa pamsewu ndi kudzionetsera.

Ife tikuti apalase. Koma nkhawa ya akuluakuluwo si yopepuka, ndipo tiyambe nayo.

N'zoona kuti ntchito yabwino imaonongeka ndi niya yofuna kutamidwa, ndipo masiku ano chithunzi cha pa Facebook chimatsogola, chopereka n'kumatsatira pambuyo. Komabe kupereka m'malo mwa kholo lomwe linamwalira si chinthu chobwera dzulo. Swahaba Sa'd ibn Ubadah (Allah asangalale naye) mayi ake atamwalira anakafunsa kwa Mtumiki (Mtendere ndi Madalitso a Allah apite kwa iye) za sadaka yoti awaperekere, ndipo mapeto ake anapereka madzi, chitsime. Chitsime sichibisika. Aliyense wotunga amadziwa kuti alipo anachikumba. Choncho kuonekera pakokha si tchimo. Funso n'lakuti, kodi anthu akamwamo?

Apa ndi pomwe tikufuna tikhalitsepo. Kuno kwathu njinga si yochitira masewera. Ndi yomwe imanyamula matumba a mpunga wa kilombero kuchokera ku Kaporo, ndi yomwe imadyetsa mabanja a akabaza, ndiponso ndi yomwe imatengera mayi wodwala ku chipatala chaching'ono, atamangidwa chitenje m'chiuno kuti asagwe. Koma njinga imathera pa chipatala cha boma. Akamuuza munthu kuti matenda anuwa akufunika ku Mzuzu Central, ndi ulendo wa makilomita opitirira 200, kukwera mapiri a Chiweta. Akati mupite ku National Cancer Centre ku Kamuzu Central ku Lilongwe, ndi makilomita oposa 500. Ndipo sapita kamodzi. Mankhwala a khansa amaperekedwa m'magawo, munthu amabwerera kangapo, ndipo sayenda yekha, pamafunika womudikirira yemwe nayenso ayenera kudya ndi kupeza pogona. Kuchipatala cha boma salipiritsa, inde, koma minibasi siyendera chisoni.

Tinaziona m'banja mwathu momwe. Azakhali athu anapita ulendo woyamba titagulitsa mbuzi, wachiwiri titakongola. Wachitatu anangoti, "Ana inu, ndisiyeni, ndalamazo mulipirire sukulu." Tinawamvera, ndipo mpaka lero sitidziwa ngati tinachita bwino. Chomwe chimatiwawa n'chakuti pa maliro awo ndalama zinapezeka tsiku limodzi, zokwanira maulendo atatu a ku Lilongwe. Sitikunyoza mphika wa pamaliro ayi, nafenso timadya nawo. Tikungodabwa kuti manja athu amafulumira bwanji munthu akatsamira mkono, pomwe ali moyo timangoti "Allah akuchizeni" n'kutsanzika.

Ndiye ngati anyamatawa apalasa, ndalama zisapite ku ma T-shirt, zikwangwani ndi nkhomaliro ya alendo olemekezeka. Zikhale thumba la thiransipoti la odwala khansa ndi owadikirira, losungidwa ndi anthu atatu, mmodzi akhale mayi, ndipo zolowa ndi zotuluka ziziwerengedwa pambuyo pa Jumu'ah popanda kutchula dzina la wodwala. Wothandizidwa asafunsidwe komwe amapemphera. Kuno ku Karonga Asilamu ndife ochepa, ndipo amene adzatiponyere ndalama m'mbale pa Ngara kapena pa Nyungwe ambiri adzakhala anansi athu Akhristu.

Sitikuyamba ndife. Stewart Kambewa anadziwika m'dziko muno popalasa maulendo ataliatali posonkhanitsa ndalama zothandizira osowa, ndipo kumaiko akunja maulendo okumbukira odwala khansa amachitika chaka ndi chaka. Kusiyana kwake n'kwakuti kumeneko ndalama zambiri zimapita ku kafukufuku. Zathu ndi zochepa, ndipo dzenje lathu ndi la pamsewu.

Pali china chomwe njinga ingachite chomwe envulopu yoperekedwa mwakachetechete singachite, ndicho kutiyankhulitsa. Malawi ali m'gulu la maiko omwe khansa ya khomo la chiberekero ikupha amayi kwambiri padziko lonse. Chaka chilichonse amayi oposa 4,000 amapezeka nayo ndipo pafupifupi 3,000 amamwalira. Chomvetsa chisoni n'chakuti iyi ndi khansa yopeweka. Kuyezetsa kumachitika m'zipatala zathu zomwezi, sikutenga nthawi, ndipo zizindikiro zikapezeka msanga amazithana nazo zisanasanduke khansa. Katemera wa HPV anayamba kuperekedwa dziko lonse mu 2019 kwa atsikana a zaka 9. Nanga n'chifukwa chiyani amayi athu amafika kuchipatala matenda atayala mizu? Manyazi, mphekesera zoti katemerayu ndi wotseka mimba, ndi ife amuna amene timakwinya nkhope mkazi akati akufuna akayezetse. Tinene mosapsatira: ife aphunzitsi timaphunzitsa za haidh ndi twahara mpaka tsatanetsatane, koma sitinauzepo kalasi kuti magazi otuluka nthawi yosayenera ndi nkhani ya kuchipatala, osati ya fiqh yokha. Hayaa ndi chuma cha Msilamu, koma akazi a ma Answar ankafunsa Mtumiki mafunso a thupi lawo ndipo anayamikiridwa chifukwa cha zimenezo. Mayi wofuna kuonedwa ndi namwino wamkazi ali ndi ufulu wopempha, ndipo bambo amuperekeze m'malo momuletsa.

Mwana wamasiye akaima pa msika n'kunena kuti ndikupalasa chifukwa mayi anga anachedwa kukayezetsa, amveka kuposa khutba zathu khumi.

Kwa anyamatawo tawauza ziwiri. Choyamba, asayerekeze kupalasa akusala, chifukwa dzuwa la kunyanja kuno silisewera ndipo sitikufuna kuonjezera odwala. Adikire Shawwal, anyamuke akangoswali Fajr. Chachiwiri, masiku otsalawa ayendere nyumba ya mnzawo uja yemwe bambo ake akudwala, akatunge madzi, akawaze nkhuni, kuti mayi a m'nyumbamo apumeko nthawi ya futari. Dzulo apitako atatu. Wachinayi anali pa okonza njinga, akuti tcheni chikudumpha, ndipo akufunsa ngati alipo angamubwereke pampu.