Ojambula akhale m'mapaki, koma cipinda cipatsidwe kwa ndani?

Ku America kuli mwambo umene ndifuna kuti a Dipatimenti ya Mapaki ndi Nyama za m'Thengo kuno kwathu aulingalire. Mapaki ambiri kumeneko amaitana wojambula zithunzi, wolemba kapena woimba kuti akhale m'kati mwa paki kwa masabata awiri kapena anai. Amampatsa kanyumba kaulere. Iye amakamba ndi alendo za nchito yake, ndipo pambuyo pake amasiyira paki cithunzi kapena cina cimene wapanga. Paki ya Rocky Mountain inayamba zimenezi mu 1984, ndipo mapaki ena ambiri anatsatira.

Wina anganene kuti awa ndi maseŵera a anthu okhuta. Iai. Mu 1871 wojambula Thomas Moran anatsagana ndi gulu la Ferdinand Hayden kupita ku Yellowstone. Aphungu a ku Washington anali asanaoneko malowo, koma anaona zithunzi za Moran ndi za William Henry Jackson, ndipo mu 1872 anakhazikitsa paki yoyamba ya dziko lao. Cithunzi cimodzi ca Moran anacigula madola 10,000. Ngakhale ife tinaonako zotere: David Shepherd wa ku Britain anajambula njovu kwa zaka zambiri, ndipo ndalama za zithunzi zake zinathandiza kulimbana ndi opha nyama mobisa muno m'Zambia.

Koma pali cimene cimandivuta. Zithunzi zochuka za Yellowstone zinaonetsa dzikolo ngati cipululu copanda mwini, pamene a mtundu wa Shoshone anali kukhala momwemo. Zaka zocepa zitapita, anawacotsa. Munthu akazolowera kuona dziko lopanda anthu pa cithunzi, sadabwa akamva kuti anthuwo athamangitsidwa.

Tsono tiyang'ane ku Luangwa. Mu 1950 Mfumu Nsefu inavomera pempho la Norman Carr lopatula malo a nyama, ndipo South Luangwa inakhala paki mu 1972. Akunda a ku Mambwe ndiwo amagona m'munda kulonda cimanga, kumenya zitini usiku wonse kuti njovu zicoke. Kodi ndi zithunzi zingati za cigwaci zimene zimaonetsa nkhokwe yogwetsedwa? Zimene ine ndaona ndi nyalugwe pa mtengo ndi dzuŵa likulowa, basi. N'zokongola ndithu, sindikana, koma ndi theka cabe la nkhani.

Cifukwa cake ndikuti mwambowu ubwere, koma cipinda coyamba cipite kwa mwana wa komweko. Alipo anyamata osema ndi ojambula m'mbali mwa msewu wa ku Mfuwe amene amagulitsa mikango ya mtengo kwa alendo, koma ena a iwo sanalowepo pa geti kukaona mkango wamoyo, pakuti alibe galimoto. Caciŵiri cipite kwa wojambula wa ku Lusaka kapena ku Migodi. A ku Henry Tayali Visual Arts Centre angathandize kusankha. Mlendo wakunja abwere, koma adzilipirire.

Ndalama zake si zambiri ai. Pa nyengo ya mvula makampu ambiri amatseka ndipo alendo amacepa. Bedi limodzi, cakudya ndi mpando m'galimoto ya oyang'anira nyama n'zokwanira. Ndipo wojambulayo asauzidwe zoti ajambule. Akafuna kujambula mai amene njovu zamudyera munda, cithunzico cipacikidwe pa ofesi ya paki pamodzi ndi ca nyalugwe cija.