Kupuma pantchito msanga: kodi penshoni yochepa ingatifikitse pati?

Chiyambireni kugwira ntchito kwa lamulo latsopano la penshoni mu 2023, anthu ena ayamba kulingalira zopuma pantchito asanafike zaka 60. Lamuloli linakweza ndalama yomwe wopuma amalandira kamodzi kuchoka pa 40 peresenti kufika pa 50 peresenti ya zomwe wasunga. Linalolanso yemwe watsala ndi zaka zisanu kuti apume kutapako gawo la ndalama zake, ndipo yemwe ntchito yamuthera tsopano amadikira miyezi itatu m'malo mwa isanu ndi umodzi. Ambiri anazilandira ndi manja awiri, ndipo n'zomveka. Koma abale ndi alongo, khomo likatseguka sikuti aliyense atulukirepo nthawi yomweyo. Tiyeni tiwerengetsere kaye.

Mwa lamulo, wolemba ntchito amaika 10 peresenti ya malipiro athu m'thumba la penshoni ndipo ife timaikamo 5 peresenti. Munthu angapume akakwanitsa zaka 50, kapena akagwira ntchito zaka 20 kwa bwana mmodzi. Wopuma pa zaka 50 wasiya zaka khumi zomwe 15 peresenti ija ikanapitiriza kulowa mwezi ndi mwezi, ndipo kawirikawiri zaka zomalizazi ndi zomwe malipiro amakhala atakwerako. Komanso ndalama yochepayo iyenera kumusunga nthawi yaitali. Moyo uli m'manja mwa Allah, koma wopuma pa zaka 50 ayenera kukonzekera ngati ali ndi zaka 25 kutsogolo kwake.

Chomwe chimawononga kwambiri penshoni m'dziko muno ndi kukwera kwa mitengo. Mu May 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika cha m'ma K1,700. Mu 2024 mitengo ya zinthu inkakwera ndi pafupifupi 30 peresenti pachaka. Wogwira ntchito amatha kudandaula, malipiro n'kukwezedwako. Wopuma alibe komwe angakadandaule, ndipo penshoni zambiri sizithamanga pa liwiro la msika. Mitengo ikamakwera ndi 25 peresenti chaka chilichonse, ndalama imataya theka la mphamvu yake m'zaka zitatu zokha.

Tiyerekeze kuti bambo wina wasunga K12 miliyoni. Watenga theka, K6 miliyoni, ndipo theka linalo likumupatsa K60,000 pamwezi. Ngati ndalamayo siisintha, pakatha zaka zitatu idzagula zomwe K30,000 ikugula lero, ndipo pakatha zaka zisanu ndi chimodzi idzagula za K15,000. Nthawi imeneyo bamboyu adzakhala ndi zaka 56 zokha, mwana womaliza mwina ali ku sekondale. Choncho penshoni ya mwezi ndi mwezi tiziitenga ngati ndiwo. Nsima iyenera kuchokera kwina.

Bajeti ya wopuma iyambe miyezi isanu ndi umodzi asanalembe kalata yopumira. Mwamuna ndi mkazi akhale pansi ndi kope, alembe chilichonse chomwe chikutuluka m'nyumba: chigayo, makala, sopo, mayunitsi a magetsi ndi a foni, madzi, mankhwala, thiransipoti. Kenako ayesere kukhala miyezi itatu akudya ndalama yofanana ndi penshoni yomwe akuyembekezera, yotsalayo akusunga. Ngati zikuvuta malipiro akadalipo, zidzavuta kwambiri atatha. Ndi bwinonso kupempha sitetimenti kwa omwe amasunga penshoni yathu, chifukwa Reserve Bank of Malawi, yomwe imayang'anira za penshoni, yakhala ikudandaula za olemba ntchito omwe amadula ndalama pa malipiro koma osaitumiza. Vuto lotere lidziwike tikadali pantchito.

M'kope lomwelo mukhale tsamba la zinthu zomwe zimabwera kamodzi pachaka, chifukwa ndi zomwe zimagwetsa mabanja athu: feteleza ndi mbewu mu November, zofunika kusukulu teremu iliyonse, Ramadan ndi ma Eid awiri, ana opita ku jando, nikah ya mwana, maliro a kumudzi. Tiziphatikize zonse, tigawe ndi 12, ndipo chiwerengerocho tiziike pambali mwezi uliwonse. Chimanga tigule nthawi yokolola, cha m'ma May ndi June, ndi kuchisunga bwino, osati mu January ndi February pomwe mtengo umakhala utakwera. Nkhani ya Mneneri Yusuf, mtendere ukhale pa iye, yomwe ana athu amaphunzira ku madrasa, ndi ya zaka zisanu ndi ziwiri za zokolola zomwe zinasungidwa kuti zidyetse anthu m'zaka zisanu ndi ziwiri za njala. Kusunga sikutsutsana ndi tawakkul.

Nanga K6 miliyoni ija? Apa ndi pomwe ambiri amapunthwa. Ndalama ikangolowa, abale amamva, ndipo aliyense amabwera ndi vuto lake lenileni. Ndondomeko yomwe tikuona kuti ndi yanzeru ndi iyi. Choyamba kubweza ngongole zonse, chifukwa ngongole ndi udindo womwe munthu amapita nawo mpaka kumanda. Chachiwiri kumaliza nyumba yogonamo, ngakhale yaing'ono, kuti lendi ichoke pa bajeti. Chachitatu kupatula ndalama ya matenda, poti sikimu ya chipatala ya kuntchito nthawi zambiri imatha ntchito ikatha, pomwe shuga ndi BP zimayamba pa msinkhu womwewu. Chotsalacho ndicho chilowe mu bizinesi.

Kunyanja kuno maganizo oyamba amakhala boti, injini ndi chilimira. Usodzi wadyetsa mabanja ambiri, koma uli ndi nyengo zake: mwera ukawomba mu June ndi July maboti amakhala kumtunda, boma limaletsa zida zina za usodzi miyezi yomwe nsomba zikuswana, mafuta amasowa, ndipo chambo sichikupezeka ngati kale. Mphunzitsi kapena kalaliki yemwe sanakwerepo boti adzadalira zomwe alovi amuuza. N'chimodzimodzi njinga yamoto ya kabaza yopatsa mnyamata. Bizinesi yabwino kwa wopuma ndi yomwe anaiyamba akadali pantchito ndipo akuidziwa: dimba la mpunga, mbuzi, nkhuku, kuyanika ndi kugulitsa usipa, kapena nyumba ya lendi, yomwe mtengo wake umakwera pamodzi ndi zinthu zina. Ndalama isalowe yonse malo amodzi.

Kwa Msilamu palinso funso la riba. Malangizo omwe wopuma amapatsidwa kawirikawiri ndi oti aike ndalama ku banki kuti izibereka chiongoladzanja, kapena azikongoza anthu mwa katapira, kapena alowe banki m'khonde yobweza ndi phindu pamwamba. Zonsezi ndi riba, ndipo umphawi wa penshoni sukuzisandutsa halal. Chisilamu chinatsegula njira zina: kugula ndi kugulitsa, kubwereketsa nyumba kapena munda, komanso mudharaba, pomwe mwini ndalama ndi wochita malonda amagwirizana kagawidwe ka phindu, ndipo malonda akaluza popanda chinyengo kapena kusasamala, mwini ndalama amaluza ndalama, wochita malonda n'kuluza thukuta lake. Mgwirizano wotere ulembedwe pamaso pa mboni, ngakhale uli wa pachibale.

Tisaiwale Zakaat. Ndalama yomwe yafika pa nisaab n'kukhala m'manja mwathu chaka chathunthu cha Chisilamu imaperekedwa 2.5 peresenti, pa K6 miliyoni ndi K150,000. Koma Hajj ndi ya yemwe angakwanitse ulendo n'kusiyira banja lake chakudya. Yemwe atatenga penshoni yonse kupita ku Makkah angasiye ana opanda chodya, Hajj siinamukakamize.

Abale omwe timawathandiza tiwauze poyera kuti malipiro atha, ndipo tiike malire a zomwe tingathe pamwezi. Kulumikiza chibale ndi lamulo, koma nafaqa ya mkazi ndi ana imayamba. Amayi adziwe komwe ndalama ili ndi kuchuluka kwake. Fomu ya omwe adzalandire penshoni ife tikamwalira tiyikonzenso, makamaka ngati pabadwa ana ena kapena pali mitala, ndipo tifunse ma sheikh athu kuti igwirizane ndi malamulo a mirath.

Pali omwe alibe kusankha: matenda awagwira, kapena kampani yachepetsa antchito. Amenewa ayambe ndi ngongole, denga ndi chimanga, ndipo jamaat iwakumbukire. Koma yemwe ali ndi mphamvu ndipo ntchito ikadalipo, asanasaine adzifunse mafunso atatu: kodi ngongole zatha, kodi nyumba ndi yanga, kodi pali china chomwe chikubweretsa kale ndalama kupatula malipiro? Ngati yankho lili ayi pa awiri mwa atatuwa, kupirira zaka zina ziwiri kapena zitatu kungapulumutse zaka 20 zakutsogolo.

Tikupempha Allah atidalitsire rizq lathu, atitalikitse ku riba ndi ngongole, ndipo atipatse ukalamba wosatambasula dzanja kwa anthu. Ameen.