Musanagule laputopu yoonda, funsani ngati RAM yake imacoka

Mng'ono wanga anasunga ndalama za piece work caka cathunthu, ndipo anagula laputopu m'kashopu kena m'tauni. Yoonda, yopepuka, ya 8GB RAM. Panthawiyo nchito yake inali Word, YouTube na ma PDF a kusukulu, conco inali kuthamanga bwino. Caka cino kosi yake yafika pa AutoCAD, ndipo makina ayamba kukoka miyendo. Anapita nayo kwa wokonza kuti awonjezeleko RAM. Atatsegula kumbuyo, palibe slot ngakhale imodzi. Memory yonse anaimata pa motherboard kucokela kufakitale.

Ine niona kuti ambili a ife timagula laputopu monga mmene timagulila foni: tiyang'ana maonekedwe, tifunsa "ni Core i ingati?", basi talipila. Koma foni timasintha pakapita zaka ziwili. Laputopu ya mwana wa sukulu kuno ifunika kumufikitsa pa graduation, mwinanso kumupezela nchito yoyamba. Ndiye funso la RAM niloti 8GB imeneyo idzakukwanani kodi m'caka cacinayi, pamene Chrome ili na ma tab makumi awili, Zoom ili yoyaka, na pulogilamu ya kosi ili pamwamba.

Sinikamba kuti RAM yomata ni yoipa. Mtundu wa LPDDR umene amamata umadya moto pang'ono, ndiye cifukwa cake makina otele amasunga batile maola ambili. Amene anapilila load shedding ya 2024, madzi atacepa ku Kariba, adziwa kuti batile si nkhani yoseka. MacBook Air ya M1, imene inatuluka mu 2020, mpaka lelo anthu amaikonda pa cifukwa cimeneci. Koma memory yake ili pamodzi na chip, ndipo amene anatenga ya 8GB adzakhala na 8GB mpaka makinawo adzafe. Apple nayonso kumapeto kwa 2024 inaleka kuyambila pa 8GB, ma Mac atsopano a panthawiyo anayambila pa 16GB. Ngati opanga eni ake akwela, ise tikakamilanji pansi?

Maganizo anga ni awa. Ngati RAM ni yomata, musatsike pansi pa 16GB, ngakhale zitanthauze kuyembekeza miyezi ina iwili. Ngati thumba silifika pamenepo, ni bwino kutenga makina onenepa pang'ono amene ali na slot. ThinkPad T480 yakale ili na ma slot awili. Mungayambe na 8GB lelo, n'kuwonjezela ina mukalandila ka allowance. X1 Carbon ni yokongola kuiposa, koma RAM yake ni yomata. Dzina n'limodzi, ThinkPad, conco musadalile dzina cabe.

Kudziwa sikovuta. Muli m'shopu momwemo, pemphani kuti aiyatse, tsegulani Task Manager, pitani pa Performance, ndiyeno Memory. Pa "Form factor" mukaona SODIMM, kambili RAM imeneyo imacoka. Mukaona "Row of chips", ni yomata. Nthawi zina Windows imasokoneza pa nambala ya ma slot, ndiye lembani model number na kuifufuza pa foni musanatulutse ndalama. Wogulitsa akakuuzani kuti "tizakuikilani ina, boss", muuzeni atsegule kumbuyo muone na maso anu. Wokhulupilika sakana.

Pa makina a salaula onaninso purosesa. Microsoft inaleka kuthandiza Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo Windows 11 imafuna Intel ya 8th generation kupita pamwamba.

Mng'ono wanga manje aika laputopu yake pa Facebook Marketplace, pa mtengo wotsika kuposa umene anagulila. Onse amene amuimbila, funso lao loyamba ni lakuti RAM ingawonjezeke kapena iyai.