KUSINTHA DZINA SI KUPAKA UTOTO PA CHIKWANGWANI KOKHA

M'mwezi wa Julaye 2023, kampani ya Twitter, imene panthawiyo likulu lake linali ku San Francisco m'dziko la Amereka, idadzuka ndi dzina lachilendo. Mwini wake watsopano, Elon Musk, amene adaigula mu Okutobala 2022 pa mtengo wa madola 44 biliyoni, adalamula kuti kambalame kabuluu kaja kachotsedwe, ndipo m'malo mwake pakhale chilembo chimodzi chokha, X.

Palibe amene angaletse munthu kutcha chinthu chake dzina limene walikonda. Ngakhale kumudzi, mnyamata akavinidwa amabwerako ndi dzina lina, ndipo womuitana ndi dzina laubwana wapalamula. Koma kampani yopanga mapulogalamu a kompyuta ili ndi maina a mitundu iwiri, ndipo mwini kampani ali ndi ufulu wonse pa mtundu umodzi wokha. Mtundu woyamba ndi dzina la pa chikwangwani ndi pamwamba pa makalata. Limeneli angathe kulisintha usiku umodzi. Mtundu wachiwiri ndi maina obisika m'kati mwa makina: keyala ya kampaniyo pa intaneti, dzina limene foni imazindikirira pulogalamu, ndi mawu amene akatswiri a makampani ena adalemba m'mapulogalamu awo kuti azilumikizana nayo. Maina amenewa, ngakhale adawapeka ndi mwini kampani, amene amawadalira tsiku ndi tsiku ndi anthu ena miyanda-miyanda. Aliyense amene ali ndi satifiketi ya sukulu akudziwa kuti dzina lolembedwa pamenepo salifufuta ndi labala, ngakhale mwini wake atabatizidwa dzina lina.

Zimene zidachitika mu Epulo 2024 n'zoyenera kuzifotokoza mofatsa. Pofuna kufafaniza dzina lakale mwachangu, a X adakonza pulogalamu yawo ya pa iPhone kuti paliponse pamene munthu walemba twitter.com, woŵerenga aziona x.com. Makina alibe nzeru zosiyanitsira. Amachita monga awauzira. Motero munthu akalemba netflitwitter.com, woŵerenga ankaona netflix.com, ndipo fedetwitter.com inkaoneka ngati fedex.com, keyala ya kampani yotchuka yonyamula katundu. Chosinthika chinali chooneka ndi maso chokha. Munthu akadina pamenepo ankafika ku keyala yeni-yeni imene idalembedwa, imene aliyense akadatha kuilembetsa kukhala yake. Kunali ngati kutsegulira mbala chitseko ndi kuivekanso yunifolomu ya mlonda. Anthu ena a mtima wabwino adathamangira kulembetsa makeyala otere kuti akuba asawapeze, ndipo kampaniyo idakonza cholakwacho patapita masiku oŵerengeka. Komabe funso likadalipo: kodi changu chonsecho chinali cha chiyani? Kuthamanga si kufika. Msamuko weni-weni wopita ku x.com udachitika mu Meyi 2024, miyezi 10 chisinthire dzina, ndipo palibe amene adafa ndi kudikira.

Nkhaniyo sidathere pomwepo. Pali anthu amene amateteza akaunti zawo ndi kakiyi kapadera kolowetsa pa kompyuta. Kakiyiko kadapangidwa dala kuti kazitsegula pa keyala imodzi yokha imene kadalembetsedwa, kuti wakuba akamanga tsamba lofanana nalo, kakane. Makiyi a anthu amenewa adali omangirizidwa ku twitter.com, ndipo mu Okutobala 2025 a X adalengeza kuti eni ake awalembetsenso pofika pa 10 Novembala, apo ayi akaunti zawo zitsekedwa kufikira atatero. Amene adasamala koposa anzawo ndiwo adasenzetsedwa mtolo.

Tsono nanga dzina lakale lizikhala mpaka liti? Yankho labwino lili ku Apple. Kumapeto kwa 1996 kampaniyo idalengeza zogula NeXT, kampani ya Steve Jobs, ndipo idamanga makina ake atsopano pa maziko a pulogalamu ya NeXTSTEP. Dzina la NeXT lidazimirira pamsika, koma akatswiri olembera makompyuta a Mac ndi iPhone adapitiriza kulemba NSString ndi NSObject, zilembo ziwiri zoyambirirazo zili chipsera cha NeXTSTEP. Wogula sazidziwa, sizimupweteka, ndipo zapulumutsa mapulogalamu osaŵerengeka amene akadasweka. Naonso a X, ndi ukali wawo wonse, pofika 2025 adali asanakhudze dzina lakuti com.twitter.android, pakuti kwa Google Play pulogalamu yosintha dzina limeneli ndi pulogalamu inanso, ndipo amene ali ndi yakale sangalandirenso zokonzedwa zatsopano. Zithunzi zawo nazo zinkachokerabe ku twimg.com. Pamene kusintha kukadapweteka thumba la kampani, kuleza mtima kudapezeka.

Ena anganene kuti nthawi zina lamulo ndilo limakakamiza, ndipo akunena zoona. Mu 2017 kampani ya Oracle idapereka Java EE ku bungwe la Eclipse Foundation, koma idakakamira umwini wa dzina lakuti Java. Zokambirana zitalephereka, Jakarta EE 9 idatuluka mu 2020 itasintha mawu akuti javax kukhala jakarta. Ntchito ya mapulogalamuwo sidasinthe m'pang'ono pomwe, komabe akatswiri m'mabanki, m'maofesi a boma ndi m'makampani padziko lonse adayenera kusanthula zolemba zawo mzere ndi mzere chifukwa cha liwu limodzi. A Eclipse ayenera kuyamikiridwa chifukwa adachenjeza anthu chaka chisanafike, adakambirana poyera, ndipo adayamba atulutsa Jakarta EE 8 mu 2019 maina akale ali chikhalire. Mlandu uli kwa Oracle, imene idapereka mbuzi nkutsala ndi chingwe.

Chilankhulo chimene nkhani ino yalembedwamo chili ndi umboni wake. Mu 1968 dziko la Malawi lidagamula kuti chizitchedwa Chichewa m'malo mwa Chinyanja. Koma makompyuta a dziko lonse amachizindikira ndi zilembo ziwiri, ny, zochokera ku dzina la Nyanja, ndipo munthu akasankha Chichewa pa Google kapena pa Wikipedia, zilembo zimenezi ndizo zimagwira ntchito mseri. Palibe Mchewa amene wachepa nazo, ndipo abale a ku Chipata ndi ku Tete, amene ambiri a iwo akuchitchabe Chinyanja, amalowera pa khomo lomwelo.