Paipi yotchipa ingakuotchereni fodya

Alimi anzanga a fodya wa fuluu, musanathyole tsamba loyamba, lowani m'balani mukagogode mapaipi anu ndi chala. Ambiri amene akugulitsidwa masiku ano ndi malata opyapyala, ongopindidwa bwino kuti aoneke ngati paipi. Akale ankatumikira zaka zingapo. Atsopanowa ena amabooka fodya wa chaka chimodzi asanathe.

Ogulitsa amatchula geji, koma sakuuzani kuti nambala ikamakwera, lata limapyapyala. Geji 28 ndi yopyapyala kuposa geji 24. Ena amamva 28 n'kumaganiza kuti apeza cholimba.

Ganizirani ntchito imene paipi imagwira. Moto umayaka usana ndi usiku pafupifupi sabata yathunthu, ndipo poumitsa msempha wapakati pa tsamba kutentha m'balani kumafika madigiri 70. Pafupi ndi ng'anjo chitsulo chimatentha kuposa pamenepo. Balani ikazizira, chinyezi chimasakanikirana ndi mwaye ndi phulusa, dzimbiri n'kuyamba kudya kuchokera mkati, komwe diso silifika. Nkhuni zaziwisi zimangowonjezera vutoli.

Kabowo kakang'ono n'kokwanira. Utsi ukalowa, tsamba limada n'kumanunkha, ndipo ogula ku Kanengo kapena ku Chinkhoma safunsa kuti paipi munagula kwa ndani. Choopsa koposa ndi mbaliwali: fodya wouma amayaka ngati udzu wa mu Okutobala, balani yonse n'kuthera pomwepo pamodzi ndi ngongole ya feteleza isanabwezedwe.

Ine ndimati pamene ndalama zavuta, musagawe umphawi mofanana paipi yonse. Chigawo chochokera pang'anjo mangani ndi njerwa, kapena ikanipo chitsulo chochindikala kwenikweni. Chopyapyalacho chipite kufupi ndi chumuni, kumene moto wafooka kale. Alimi a m'kalabu imodzi sonkhani mugule lata lenilenilo pamodzi, mmisiri adzapindire pamaso panu. Paipi yopinda kale, yopakidwa penti, imabisa zambiri.

Kuyesa n'kosavuta. Sonkhani kamoto ka udzu wonyowa m'ng'anjo, tsekani chitseko, kenaka lowani muone pomwe utsi ukutulukira. Polumikizira matani ndi dothi, koma paipi yobooka isintheni. Pamwamba pa mapaipi yalani waya wa sefa wogwira masamba ogwa.

Kuchiza kukatha, achotseni, gwedezani mwaye wonse, muwasunge pouma, osati pansi pa mtengo wa mango kudikira mvula.